Kupakiza

Bambo anga a Kathumba adaphunzitsa Chingerezi
zaka makumi atatu ndi chimodzi ku Bembeke,
jekete lomwelomwelo, choko m'zikhadabo.
Lachisanu lililonse ankadula bolodi pakati:
kuno liwu, uko abale ake.
"Mawu ndi ana a bere limodzi," ankatero,
"mphuno zofanana, koma aliyense ndi mtima wake."

Ndikukumbuka tsiku la mawu a kuphunziranso.
Chifunga chidalowa nafe m'kalasi, mano akugundana.
Adalemba asanu ndi awiri. Ine adanditsalira atatu,
nawonso ndimawatchula ngati ndikutafuna nzimbe:
rivaizi, rivyu, rifuleshi.
Loyamba, adati, ndi la mwana amene mayeso ali mawa.
Lachiwiri ndi la mlimi wobwerera kumunda
kukaona ngati mizere idawongoka.
Lachitatu ndi kuwaza madzi pa kabichi wofota
dzuwa litapendeka, ogula asanathe.
Ndidapeza atatu pa khumi.
Pansi pake, ndi inki yofiira: Venansia, undione.

Sitiroko idawapeza mu Juni akupopa njinga.
Masabata atatu kuchipatala cha paboma.
Tidabwera nawo dzanja lamanja lili lende,
pakamwa patakhota,
mawu onse atamwazika ngati mbatatesi
thumba likaphulika pamwamba pa lole.

Tsopano Lachisanu ndimatseka benchi yanga msanga.
Ndidagula sileti ndi choko ziwiri.
Ndimaika supuni patebulo. Amayiyang'ana.
Akuidziwa, m'maso mwawo ndikuona kuti akuidziwa,
koma dzina lake lili kuseri kwa phiri
ndipo minibasi yake siikubwera.
"Su," ndimayamba. "Su..."
Amaluma mlomo, mtsempha wa pakhosi n'kutupa.
Sabata yatha adati, "Sukulu."
Tidaseka mpaka kutsokomola,
kenaka adatembenukira kukhoma.

Usiku ndidafukula kope lawo m'sutikesi,
njenjete zitadya m'mphepete.
Onse asanu ndi awiri alimo, m'zilembo zawo zopendekera.
Ndidawayenda ndi chala limodzilimodzi
kufuna limene lingatikwane.
Ayi ndithu.
Lililonse likuganiza kuti katundu akadali m'nyumba,
wangophimbika ndi fumbi.
Palibe la munthu amene akusula dzina la malemu mkazi wake
ndi lilime lolemera ngati njerwa yonyowa.

Ndidayesa athu.
Kubwereza? Ubwereza chimene chanenedwa.
Kunola kumafuna mpeni ukhalepo.
Kukumbutsa ndidakukana: bambo sadaiwale kanthu,
njira yokha ndiyo idakokoloka.

Adandipatsa liwu ndi a Nangondo, oyandikana nawo,
m'mawa wina akudutsa ndi mbewu m'chitini.
"Mwalawirira kuti?"
"Kokapakiza, mwanawe. Mbewa zafukula."
Ndidaima ndi tsache m'manja.
Munda ndi womwewo, mizere ndi yomweyo,
umangoyenda chowerama, phando ndi phando,
pomwe sipadamere n'kuponyapo ina.
Zopakiza zimatsalira msinkhu, aliyense amadziwa,
zina sizibereka n'komwe.
Koma umayendabe.

Lero tapakiza madzi, chitseko, bulangete.
Supuni yakana.
Pomaliza, pofuna kuwasangalatsa,
ndalemba pa sileti atatu anga aja
m'Chingerezi chenicheni, mmene ndimawakumbukira.
Ayang'ana nthawi yaitali.
Andilanda choko ndi dzanja lamanzere,
adula chilembo chimodzi m'liwu loyamba,
awiri enawo awazunguliza,
choko chikulira, chikuthyoka, akutola kachidutswa.
Pansi pake ayamba kulemba, chilembo chilichonse ulendo wakewake,
u wogona chammbali, n wonga mbedza,
mpaka d, pomwe mphamvu zawathera.

Kunja anyamata akukweza matabwa pa lole.
Tiyi wazizira.
Ndasendeza mpando wanga kufupi.
Ndikukuonani, aphunzitsi. Ndili pompano.